Ndere pa Boti la Lodwick

Deliwe anakumana ndi Lodwick pa doko la Chipoka. Deliweyo anali mphunzitsi ku Salima, koma anakulira pamadzi, mwana wa mmisiri wa maboti. Anaona mnyamatayo akumanga boti lake lofiira pamtengo wa doko.

"Mfundo imeneyo imasuka mwera ukawomba," anatero Deliwe.

"Ndiye dzandimangireni, chiphadzuwa," anayankha Lodwick akuseka.

Anamumangira. Mwezi usanathe anali atayamba kutchulana "duwa langa" ndi "wapamtima".

Nyengo ya usodzi itatsegulidwa, Lodwick anatsanzika. "Ndikupita ku Mbenji ndi boti langa miyezi itatu. Ndikabwera ndikaonekera kwanu, ndalumbira."

Pachilumba cha Mbenji akazi saloledwa kupondapo. Akanamutsatira bwanji? Deliwe anangodalira mauthenga apafoni.

"Duwa langa, mafunde ndi aakulu kuno, koma mtima uli kwa iwe."

Tsiku lina uthenga unafika: "Ndakocheza dzulo ku Chipoka. Bwera undione."

Deliwe anakwera minibasi mtima ukudumpha. Lodwick anamuchingamira pa doko atatambasula manja. Koma maso a mwana wa mmisiri anathamangira kunsi kwa boti. Ndere zobiriwira zinali lendelende ngati ndevu, tinkhono titamatirira pamatabwa. Kenako anayang'ana chingwe. Mfundo inali yake yomwe ija.

"Lodwick, boti loyenda silimera ndere chonchi."

"Aa, wapamtima, madzi a ku Mbenji..."

"Ndipo mfundo iyi ndinamanga ndine."

Anatembenukira kwa a Macdonald, mlonda wosamala maboti okhala m'madzi. "Bambo, botili linachoka liti pano?"

A Macdonald anapitiriza kukapa madzi. "Mwanangu, ine ndimalikapa m'mawa uliwonse chiyambire Epulo. Eni ake anati akukathandiza akazi awo kukolola chimanga ku Chitala."

Akazi awo! Miyezi itatu akupempherera munthu amene anali pamtunda!

"Duwa langa, ndimvere kaye..."

Misozi inatsika, koma Deliwe sanakuwe. Anagwada, n'kumasula mfundo yake bwinobwino, n'kuika chingwe m'manja mwa Lodwick. Boti linayamba kutengeka pang'onopang'ono ndi mphepo.

"Gwira," anatero. "Umange wekha."

Anawathokoza a Macdonald, n'kulunjika ku siteji osacheuka.