Kamera Imene Tavon Anaiwala Kuzimitsa

Shanice anakumana ndi Tavon pa siteji ya basi ku Chicago, m'mawa wozizira moti mphuno umachita kuifufuza ndi dzanja kuti uone ngati ikadalipo. Onse anavala mabaji a aphunzitsi ophunzira: chaka chathunthu m'kalasi ya mphunzitsi wamkulu, kenako zaka zinayi pasukulu imodzi ya mumzinda, osathawa.

Shanice ankawodzera chiimirire. Tavon anamunyemera tamale wotentha, chakudya cha ufa wa chimanga chokulunga m'makoko, amene anagula pakona.

"Idya, mnzanga. Ana a giredi 4 amamununkhiza mphunzitsi wanjala."

Kuyambira pamenepo, mtima wa mtsikana unapita.

Chinali chikondi cha anthu otopa. Masana kuphunzitsa, madzulo kuphunzira, Loweruka kukonza maphunziro a sabata yonse. Akati akaonere filimu, onse mkonono isanafike pakati. Koma pa mameseji Tavon anali dolo. "Wadzuka bwanji, choko changa?" Choko! M'masukulu momwe anasiya choko kalekale. Koma Shanice akawerenga ankamwetulira ngati wamwa tiyi wa shuga wambiri.

Mwina n'chifukwa chake sankawerengera kuti akugwira ntchito ya anthu awiri. Maphunziro a Tavon ankakonza ndi iye. Mavidiyo amene aliyense ankadzijambula akuphunzitsa, oti gulu lonse la aphunzitsi ophunzira lionere Lachisanu, ankamudulira ndi iye.

Chaka chikutha, Mayi Kowalczyk, amene ankaphunzitsa Shanice ntchito, anamuuza kuti pasukulu pawo papezeka malo. Pafupi ndi kwawo, ulendo wapansi, ana owadziwa kale. Yankho ankalifuna Lolemba.

Tavon anali ndi maganizo ena. Ankafuna Shanice asankhe sukulu yake, kutsidya kwa mzinda.

"Zaka zinayi tili limodzi, kenako mphete. Ndikulonjeza, choko changa."

Mayi Kowalczyk atamva anangovula magalasi. "Mwana wanga, basi ziwiri mu Januwale si masewera. Mwamunayo adzakwera nawe?"

Shanice anaseka, mumtima atasankha kale Tavon.

Lachinayi Tavon anatumiza vidiyo yake kuti amudulire. Tsiku limenelo mwana wina anasanza m'kalasi mwa Shanice, kholo lina linamukalipira pakhomo. Kwa nthawi yoyamba Shanice anayankha kuti watopa, adule yekha.

Tavon kudula? Ngakhale kuionera sanaionere. Anangoipereka yonse.

Lachisanu gulu linakhala pansi, aliyense ndi kapu ya khofi, maso ofiira. Vidiyo inayamba. Tavon akuphunzitsa masamu ndi pitsa ya pepala, chithunzi cha buledi wozungulira wodula m'magawo, imene Shanice anacheka ndi manja ake. Anthu anagwedeza mitu. Belu linalira, ana anatuluka.

Kamera sinazime.

Tavon akuoneka akufufuta pabolodi, akuimba kamluzu. Chitseko chinatseguka, analowa Yesenia, mphunzitsi wa kalasi yoyandikana. Anamukonza kolala, n'kufunsa ngati mnzake uja wavomera kubwera.

"Avomera Lolemba. Amakonza maphunziro bwino, tidzapuma tonse awiri. Usade nkhawa, choko changa."

Mkulu wa gululo anali akusakasaka rimoti pansi pa mapepala. Pomwe ankaipeza, anthu anali ataona kale kuti milomo ya aphunzitsi sigwira ntchito yophunzitsa yokha.

Wina anatsamwa khofi.

Shanice sanakuwe. Mphamvu zake akanazitenga kuti? Anangoona kuti pitsa ija Tavon anaimata mozondotsa, ndipo n'zimene zinamuliza.

Tavon anamutsatira pamasitepe. Akuti sizinali momwe zinaonekera. Akuti kamera imakuza zinthu.

"Tavon, mavidiyo ako ndawadula chaka chonse. Ndikudziwa zimene kamera imachita."

Loweruka ndi Lamlungu foni inangolira. "Mtima wanga, yankha." "Ndalakwa." "Dzuwa langa." Choko chokha sanachitchulenso. Meseji yomaliza inafunsa ngati Shanice akadali ndi phunziro la Lachiwiri.

Lolemba Shanice anaima pa siteji ija. Basi yopita kutsidya inafika, Tavon ali pawindo, dzanja lili pagalasi ngati wa mufilimu. Shanice anaiyang'ana mpaka inanyamuka, n'kuyamba kuyenda wapansi.

Mayi Kowalczyk anamupeza akutsitsa mipando pamadesiki.

"Zaka zinayi ndi zambiri. Watsimikiza?"

"Ndatopa, mayi. Koma ntchito ya munthu mmodzi ndiikwanitsa."

Belu lisanalire anatulutsa tamale m'chikwama. Anagula yekha, ndipo anadya yense.