Kadontho Kabuluu Kamene Achimwene Ankakatsata

Achimwene anga anatuluka mu ofesi usiku umenewo minibasi zitatha kale mumsewu. Mlonda wa pageti anawafunsa kuti, "A Tazimitsani, mpaka pano? Makompyuta adwala malungo kapena?" Iwo sanaseke. Anangokweza dzanja n'kudutsa, nkhope ili ndwii ngati munthu amene akupita kukamenyana.

Dzina loti Tazimitsani anawapatsa kuntchito komweko. Aliyense akabwera kudzadandaula kuti kompyuta yafa, yankho lawo limakhala limodzi: "Tazimitsani, muyatsenso." Basi dzina linakanirira. Ntchito yawo ndi yoyang'anira makompyuta ndi mafoni onse a kampani, ndipo ali ndi pulogalamu ina yake yochitira zimenezi. Ine ndinaisuzumirako tsiku lina atasiya laputopu yotsegula patebulo. Eee, zinthu zake! Munthu uli pampando umodzi koma ukuona foni iliyonse ya kampani, batire yatsala bwanji, muli zinthu zanji. Ukhoza kuikiya uli kutali. Ukhoza kulemba mawu n'kuonekera pamafoni onse nthawi imodzi. Foni ikatayika umadina penapake, pamapu pamabwera kadontho kabuluu kosonyeza pamene ili. Ukadinanso pena imalira yokha mokweza, ngakhale mwini wake ataitseka mawu.

Abwana awo, mayi wamkulu amene anayamba ndi kampaniyo, anawalumbiritsa kuti mapuwo aziwatsegula foni ikatayika basi. Koma amuna mukuwadziwa.

Pakampani pomwepo, polandirira alendo, pamagwira ntchito alamu anga. Ndikuti alamu chifukwa mphete inali italowa kale chala, ndipo ine diresi ya paukwati ndinali nditasankha kale mtundu wake. Munthu wabwino, wosekaseka, ankandiluka tsitsi osandikoka. Tsiku lina usiku achimwene anawaimbira foni, sanayankhe. Anaimbanso, ziii. Anali kubafa, nkhani yonse ndi yomweyo! Koma mtima wa nsanje unawanong'oneza achimwene kuti tangoona kamodzi kokha. Anatsegula pulogalamu ija, analemba kuti "Polandirira alendo", dzina la foni ya alamu ya kuntchito, foni inabwera, anadina.

Kadontho sikanali kwa alamu. Kanali kutsidya kwa mlatho, pafupi ndi manda akale, kumene alamu alibeko m'bale ngakhale mmodzi.

Mawa lake usiku anadinanso, kali pomwepo. Mkuja wake, pomwepo. Masana sankadina, adinirenji munthu akumuona ndi maso pa desiki pake? Koma kukangoda, ali pafoni, diso pa kadontho. Kufunsa ayi. Anangoyamba kulusa panyumba, kudya ngati mbalame, kuwayankha alamu mawu amodziamodzi. Alamu mpaka anandifunsa ine kuti, "Mlamu wanga, achimwene ako ndawalakwira chiyani?" Ndipo mmawa wa tsiku limene anachedwa mu ofesi lija achimwene anali atawauza amayi kuti za ukwati ziyambe zaima, iwo akabwera ndi umboni.

Ndiye umboniwo ndi umene ankautsata usiku umenewo, wapansi, foni ili m'manja.

Poyamba msewu unali bwinobwino. Anadutsa pomwetsera mafuta, pamene anyamata ankawodzera pamipando, anadutsa sitolo zotseka, anadutsa bala ina imene inkaliza nyimbo mulibe munthu. Mumtima ankakonza mawu. Ndikawapeza ndinena kuti, vula mphete yanga. Ayi, ndisanene kanthu, ndingowajambula. Anayeserera mpaka kaimidwe kake, manja m'chiuno. Kunena zoona, penapake mumtima manyazi ankawatsinako, chifukwa ankadziwa kuti alamu akadzafunsa kuti mwadziwa bwanji kuti ndili kuno, yankho lake ndi lonunkha. Koma anawakankhira pambali.

Nyale za mumsewu zinathera pa mlatho.

Kutsidya kunali mdima wa ndiweyani. Madzi pansi pa mlatho sankamveka. Achule, amene amasokosera pamenepo nthawi zonse, anali chete. Achimwene anamva nsapato zawo zokha, gwa, gwa, gwa. Anayang'ana pafoni. Kadontho kawo kankayandikira kadontho kaja.

Kumanzere kunayamba mpanda wa manda, wamfupi, wogumukagumuka. Mitanda ina inkasuzumira pamwamba pake. Anatembenuzira nkhope kumanja, n'kuyamba kuimba kanyimbo ka kutchalitchi chapansipansi, koma mawu ake anawathawa.

Kenako anafika.

Inali nyumba, inde, koma yosakhalamo munthu. Mawindo opanda magalasi. Udzu wofika m'chiuno. Geti lomangidwa ndi waya wadzimbiri. Palibe galimoto ya mwamuna wolemera imene ankaiganizira ija, palibe nyale, palibe ngakhale galu.

Munthu wanzeru akanabwerera pomwepo. Koma achimwene anati, ohoo, ndiye amabisala m'bwinja kuti asaoneke! Anaima pageti, anatsegula pulogalamu. Anadina pamene pamaliza foni yotayika paja. Anati ilire m'katimo, atuluke okha ndi manyazi.

Anadikira, makutu ali kunyumba.

Chete...

Kenako inalira. Tiii! Tiii! Tiii!

Koma sinalire m'nyumba. Inalira kumbuyo kwawo.

Tsitsi linaima. Anatembenuka pang'onopang'ono...

Pakati pa msewu panaima mzimayi. Sanali alamu. Anali wamtali, wowonda, atavala bulauzi yobiriwira yokhala ndi chizindikiro cha kampani yawo pachifuwa. Koma pakampanipo atsikana amavala zofiirira. M'manja anali atagwira foni yakalekale, yong'aluka galasi, dothi lili mbuu m'mbali mwake. Kuwala kwake kunkamuunikira kuchibwano. Anamwetulira. Anali ndi mpata pakati pa mano.

"Takulandirani," anatero, ndi mawu aulemu aja a anthu a polandirira alendo. "Mukufuna kuonana ndi ndani?"

Achimwene anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda geti.

Tiii! Tiii!

"Kodi ndi inu mumandidzutsa?"

"Ine... mayi... ndi... ndikufuna foni yotayika."

"Yotayika?" Mzimayi uja anayang'ana foni yake, n'kuwayang'ananso iwo. "Iyi sinatayike. Ili pamene anaiika. Koma usiku uliwonse ikuyaka. Ndikangoti ndigone, yayaka. Kumene ndimagona ine kulibe nyale, achimwene. Ikayaka imandithobwa m'maso."

Mphepo inawomba. Udzu unagwedezeka. Bulauzi yake sinagwedezeke.

"Pepani," achimwene ananong'ona. "Ndimayesa... ndimayesa ndi munthu wina."

"Ndikudziwa. Amene mukumufunayo ali kwawo. Akusita bulauzi ya mawa, akulira." Anapendeketsa mutu ngati akuwamvera chisoni. "Ntchito yabwino ngati imeneyi, anthu kukukhulupirirani ndi mafoni awo onse, inu n'kumasuzumira mtsikana pawindo?"

Achimwene akuti pamenepo mantha anachepa, chimene chinakula ndi manyazi. Analakalaka nthaka itang'ambika alowemo. Kenako anakumbukira kuti ali pafupi ndi manda, anasiya kulakalaka zimenezo.

Tiii! Tiii!

Mzimayi uja anayandikira phazi limodzi. Nsapato zake sizinamveke. Kunabwera fungo la dothi lonyowa.

"Tazimitsani," anatero. "Koma musayatsenso."

Achimwene anawerama pafoni pawo. Zala zinkaterereka ndi thukuta. Anadina polakwika. Anadinanso polakwika. Kachitatu anapeza.

Zii.

Anadzutsa mutu.

Msewu unali wopanda munthu!

Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Palibe. Maso anabwerera pafoni, ndipo kadontho kaja... kankayenda. Pang'onopang'ono. Kanawoloka msewu. Kanafika pampanda wa manda. Sikanazungulire kugeti. Kanangodutsa pampanda pomwepo, kanalowa m'kati, kanayenda pang'ono...

Kanaima.

Mayo! Achimwene anathamanga liwiro loti sanathamangepo chibadwire. Mlatho sanauone n'komwe. Amene anawatsegulira chitseko ndine, ndiye izi musandiuze kuti ndamva kwa munthu. Nsapato inali imodzi. Buluku linali lonyowa kutsogolo mpaka m'maondo. Anati anagwera m'chithaphwi. Chithaphwi chanji mvula isanayambe? Amayi anatuluka atafunda nsalu n'kufunsa kuti, "Nanga umboni uja uli kuti?" Iwo anangolowa kuchipinda n'kugona nyale ili chiyakire.

Kutacha, mtima unakhalako pansi. Anayamba kudziuza kuti mwina anali wamisala amene anatola foni yakale ya kampani. Anati akafika kuntchito akawagulira alamu chokoleti, nkhani ithere pompo, palibe amene adziwe. Anavala shati yoyera n'kunyamuka.

Zotsalazi anandiuza alamu eni ake, kapena ndinene kuti amene anali alamu anga.

Atalowa pakhomo la ofesi anapeza anthu onse ataima polandirira alendo. Madalaivala, a zowerengera ndalama, ogulitsa malonda, ngakhale mlonda uja. Aliyense foni ili m'manja. Dalaivala wina anawalozetsa foni yake kumaso. Pagalasi panali mawu, ndipo mawu omwewo anali pamafoni onse ndi pamakompyuta onse a kampani:

"Muuzeni wa makompyuta asiye kuyang'ana foni ya polandirira alendo usiku. Ena tikufuna kugona."

Munthu yekhayo amene angalembe mawu pamafoni onse ndi achimwene. Ndipo iwo sanalembe.

Alamu anali pampando wawo, maso ofiira. Anakoka kabati ya desiki n'kutulutsa foni yawo ya kuntchito.

"Foni ya polandirira alendo ndi iyi," anatero. "Imagona m'kabati muno. Sindinapitepo nayo kunyumba ngakhale tsiku limodzi. Ndiye mumayang'ana chiyani usiku?"

"Ndikufotokozera, tiye panja..."

"Ayi, fotokozani pompano. Pajatu inu mumakonda kuona za anthu. Lero anthu aone zanu."

Wina kumbuyo anati, "Eee, a Tazimitsani, lero ndiye mwayatsa!" Ena anaseka, ena anamuletsa.

Abwana anatuluka mu ofesi mwawo n'kulamula kuti laputopu itsegulidwe pa desiki pomwepo. Achimwene sankadziwa kumene angayang'ane. Pulogalamu ija, kani, imasunga chilichonse chimene munthu wadina, ndi nthawi yake yomwe. Zonse zinatuluka poyera, mzere pamwamba pa mzere, usiku wokhawokha. Alamu anawerenga mpaka pansi osaphethira. Kenako anavula mphete, anaiika m'kabati muja pamodzi ndi foni, n'kutseka.

"Ikhale mmenemo," anatero. "Muziyiyang'ana pamapu."

Achimwene anangoti zyoli. Misozi inagwera pa shati yoyera ija, anthu onse akuona.

Koma abwana sankayang'ana zimenezo. Anali atavala magalasi awo, nkhope ili pafupi ndi laputopu. Pa dzina loti "Polandirira alendo" panali mafoni awiri. Ina inali ya alamu. Inayo, imene achimwene ankadina mwaphuma masiku onsewa, inali yakale, mtundu woti masiku ano sugulitsidwanso.

"Munapitako kumene ikusonyezaku?" anafunsa abwana, mawu atasintha.

"Ndinapita dzulo usiku."

"Munapeza chiyani?"

Achimwene anafotokoza, mutu uli pansi. Nyumba yopanda magalasi. Mzimayi wamtali. Bulauzi yobiriwira. Atangonena za mpata wa mano, abwana anagwira m'mphepete mwa desiki n'kukhala pampando wa alendo.

"Zobiriwira tinasiya kuvala kalekale, ambiri a inu musanabwere," anatero. "Ameneyo ankakhala pampando uwu. Nyumba munaionayo inali yake. Anali mnzanga, n'chifukwa chake ndinakaniza kuti foni yake asaichotse m'pulogalamumu."

Achimwene anadzutsa mutu n'kufunsa:

"Ndiye... anasiya ntchito, n'kupita nayo foniyo?"

Abwana anavula magalasi n'kuwayang'ana.

"Galimoto inamugunda pa mlatho paja akuchokera kuntchito, zaka zambiri zapitazo. Tsiku la maliro kamwana kake kanalira kuti amayi atenge foni yawo, kuti aziimba akafika. Ndine ndinaiika m'bokosi, pachifuwa pake, ndi manja angawa. Tinaikwirira naye limodzi."