Diresi la Mwini Wake pa Foni

Pamzere wathu wonse palibe nyumba yolera ana ngati yanga. Sindikudzitama ayi, anthu amanena okha. Ine sukulu ndinafika nayo ku sekondale, ndipo ana anga sadya asanapemphere. Mzime wanga, mtsikana wa luso m'manja, atalembedwa ntchito pashopu yosoka madiresi aukwati, aliyense anati watengera mayi ake.

Poyamba foni inamuthandiza. Ankajambula akwatibwi ukwati ukatha n'kuika zithunzizo pamasamba a mchezo, makasitomala n'kumabwera ngati nyerere. Abwana ake anamupatsa lamulo limodzi: diresi lisaoneke mwini wake asanalowe nalo m'tchalitchi.

Ine ndinamuchenjeza. "Mwanawe, singano ndi foni sizigwiridwa dzanja limodzi."

"Amayi, za masiku ano simungazimve."

Ine, amene ndinaphunzira taipi iye asanabadwe!

Pamakina oyandikana ndi ake pankakhala mnzake amene ankamutcha Zikhadabo. Tsiku lina abwana atapita kukagula ulusi, Zikhadabo analoza diresi limene linavekedwa chidole choonetsera zovala n'kuyamba.

"Iwe, thupi ngati lakoli, diresi likukongoletsa chidole? Tavala ndikujambule."

"Ndi la mwana wa abusa ili. Ukwati ndi Loweruka."

"Ndiye likuluma? Dziko likuoneko kamodzi."

Mwana wanga anavala, ndi velo yomwe, Zikhadabo n'kumujambula. Chithunzi mwana wangayo anachiika yekha pamasamba a mchezo.

Masana ndikuchapa, foni yanga inalira. Anali mlamu wanga. "Zikomo kwambiri alamu. Mwana akukwatiwa, ife tizimvera pa foni?" Sindinamve mutu wake. Ndisanapukute m'manja anaimba amayi a kumpingo, kufunsa kuti mkamwini ndi wakuti. Mkamwini uti? Kenako malume ake a mwana anatulukira thukuta lili kamukamu, akuti ndani wawalanda udindo wawo.

Atandionetsa chithunzicho mutu unaima. Mwana wanga ndithu, ndipo kunena zoona diresilo linamukhala kuposa mwini wake. Ndilulute kapena ndilire? Kodi wakwatiwa mobisa? Nanga bwanji kumbuyo kwake kukuoneka makina osokera?

Nthawi imeneyo n'kuti mkwatibwi atachiona kale, mkwati ndi alongo ake atachionanso. Mwana wa abusayo anafika pashopu misozi ili mbwembwembwe. "Diresi langa lavalidwa, aliyense waliona. Ndilowa nalo bwanji?" Akwatibwi ena atamva anabwera kudzatenga nsalu zawo, zina zitadulidwa kale.

Abwana sanakalipe. "Foni yako inandibweretsera anthu, foni yomweyo yawathamangitsa. Tenga lumo lako, pita."

Zikhadabo anati iye anangopemphedwa kugwira foni. Mpaka lero akadali pamakina ake.

Loweruka mwana wa abusa analowa m'tchalitchi ndi diresi lobwereka, lalifupi manja. Ine amene ndimakhala pampando wakutsogolo, tsiku limenelo ndinakhala pafupi ndi chitseko. Mwana wanga anakagwada kupepesa ndipo anamukhululukira, koma shopu iliyonse imene wapitako amangoti, "Si uja wa diresi uyu?" Chithunzi anachifufuta; m'mafoni a anthu chikuyendabe. Pano amasokerera mabatani pakhonde. Mpaka lero sindimvetsa kuti mwana woleredwa ndi ine zinamulowera pati.

Atsikana inu, ndimvereni. Foni ingakukwezeni pantchito, koma chimene mwini wake wakusungitsani si chanu choonetsa. Kufuna kutamandidwa ndi tchimo lobwera likumwetulira. Chala chimadina kamodzi, manyazi ake amadya banja lonse.