Dzanja Lonjenjemera la Mawaya

Anyamata ena Mulungu awaone! Namwino wina anangopita kukakonzetsa gemu ya malemu bambo ake, kabokosi kachikalekale kolumikiza ku TV, komwe umagumula khoma la njerwa ndi kampira. Za chibwenzi analibe nazo ntchito.

"Ichi n'chotaya kudzala, achemwali," anatero wokonza mawailesi, yemwe anthu ankamutcha Mawaya.

"Kudzala mupiteko ndinu. Mukonza kapena ndizipita?"

Anakonza. Njerwa zofiira ndi zachikasu zitaoneka pa TV, Mawaya anagwira kopotokola koseweretsera gemuyo, kampira n'kumangomudutsa.

"Dzanja langali limanjenjemera. Tandiphunzitsani."

Namwino anaseka, n'kuika dzanja lake pamwamba pa la mnyamatayo, monga ankachitira bambo ake, n'kubwereza mawu awo. "Osathamangitsa mpira. Udikireni." Basitu, mtima wa namwino unapita pomwepo.

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula. "Shuga wanga, wadya?" "Dzanja ili sadzaligwira wina mpaka ndilowe m'manda." Kenako: "Gemuyi uisiye kuno, uzibwera kudzandiphunzitsa." Anaisiyadi. Chinthu chimene ngakhale mlongo wake sankamulola kuchikhudza!

Tsiku lina namwino ataweruka msanga, anamva gemu ikulira ali pakhomo pa shopu ya Mawaya. Atalowa, anapeza mtsikana wa ku saluni yoyandikana atakhala pampando wake uja, dzanja lili pamwamba pa la Mawaya.

"Limanjenjemera, shuga wanga, tandiphunzitsa..."

"Silinapolebe dzanjalo?" anafunsa namwino.

Mawaya anadzambatuka. "Mayi wanga, ima kaye ndikufotokozere."

"Mayi wako ndani? Khala pansi, galu iwe! Sewera wekha, tione tonse."

"Usandichititse manyazi pantchito panga."

"Manyazi uli nawo iwe? Mwamuna wolephera kugwira kampira!"

Apo m'pamene anamupweteka. "Ukufuna uone?" anatero Mawaya, maso ali psu.

Anaboola khoma cha m'mbali, kampira n'kulowa kuseri kwake, njerwa n'kumagwa zokha. Mpira umodzi basi, khoma lonse psiti! Bambo ake a namwino anamwalira asanafikepo pamenepo.

Wa ku saluni anapukutira dzanja pasiketi, natuluka akutukwana.

Namwino anamva kuwawa mpaka m'mafupa. Ndiye masiku onse aja ankaphunzitsa ndani? Mawu a bambo ake aja ankawanong'oneza kwa ndani?

Dzanja la Mawaya silinanjenjemere ngakhale pang'ono. Limene linkanjenjemera linali la namwino, pamene ankazula gemu ya bambo ake kukhoma.