Buluzi Wouluka Wopanda Dzina

Kamafunso ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kupita kunyumba ndi amayi ake dzuwa lisanalowe.

Anthu ankamutcha Kamafunso chifukwa pakamwa pake sipankatha mafunso. Koma tsiku limeneli analibe funso. Anali atatopa.

Amayi ake anali katswiri wa abuluzi. Kamafunso akaweruka kusukulu, ankawadikira kuntchito. Ankakhala pa kampando kolimba. Kampandoko kanalibe chisoni ndi mwana.

Patebulo panali bokosi lagalasi. M'bokosimo munali buluzi wamng'ono. Buluziyo anali wouluka. Analibe nthenga ayi. Anali ndi khungu m'mbali mwake. Akatambasula nthiti, khungulo linkasanduka mapiko.

Amayi ndiwo anamupeza m'nkhalango. Mtundu wake unali usanalembedwepo m'buku lililonse.

Amayi anayeza mutu. Anayeza mchira. Anawerenga mamba mpaka maso anafiira. Anajambula mapiko. Anajambulanso banga lachikasu limene linali kunsi kwa phiko. Chinatsala ndi dzina lokha.

"Amayi, tiyeni tizipita," anatero Kamafunso.

"Dikira pang'ono, mwanawe," anayankha amayi. "Dzina likufunika lero. Popanda dzina, ntchito sinathe."

Koma "pang'ono" wa amayi ankatalika kwabasi.

"Mutcheni Wamapiko Ofiira," anatero Kamafunso.

Amayi anayang'ana pa kompyuta. Anapukusa mutu. "Dzina limeneli lili ndi mwini wake."

"Mutcheni Wamchira Wautali."

Amayi anayang'ananso. Anapukusanso mutu. "Nalonso lili ndi mwini wake. Mitundu iwiri singakhale ndi dzina limodzi."

"Ndiye mutcheni Wotopetsa," anatero Kamafunso.

Amayi anaseka pang'ono. Ngakhale kusekako kunali kotopa.

Dzuwa linapendeka. Mimba ya Kamafunso inayamba kulira. Miyendo inachita dzanzi. Amayi anagwira mutu ndi manja onse awiri. Kamafunso anawamvera chisoni. Anadzimveranso chisoni.

Kenaka tulo tinamugwira. Anayasamula. Anadziwongola. Anakweza manja onse m'mwamba.

Kamafunso sankakonda kukweza manja. Juzi yake yobiriwira inali ndi chigamba kukhwapa. Chigambacho chinali chachikasu. Abambo ake, amene anali telala, ndiwo anasoka. Nsalu yobiriwira inali itawathera. Kamafunso ankachita nacho manyazi chigambacho. Koma munthu wotopa amaiwala manyazi.

Nthawi yomweyo kadzuwa kanalowa pawindo. Kanagunda bokosi lagalasi. Buluzi uja anamva kufunda. Nayenso anadziwongola. Anatambasula mapiko onse awiri.

Amayi anayang'ana buluzi. Anayang'ana mwana. Anayang'ananso buluzi.

"Usatsitse manja," anatero amayi.

"Amayi, chigamba changa chikuoneka."

"Eya, chikuoneka. Taona kunsi kwa phiko."

Kamafunso anasuzumira m'bokosi. Anaona banga lachikasu lija. Linali kukhwapa kwenikweni. Linkaoneka pokhapokha buluzi akatambasula mapiko.

"Naye ali ndi chigamba," ananong'ona Kamafunso.

"Abuluzi ena onse alibe," anatero amayi. "Ali nacho ndi uyu yekha."

Amayi anayang'ana pa kompyuta. Kamafunso anadikira. Ulendo uno amayi sanapukuse mutu.

"Dzina limeneli lilibe mwini," anatero amayi. "Akhala Buluzi Wachigamba."

Amayi analilemba m'chinenero cha akatswiri. Anazimitsa kompyuta. Anatenga chikwama. Kampando kaja kanatsala kokha.

Anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Abambo anali pa makina osokera. Anadabwa kuwaona msanga chonchi.

"Ababa, chigamba chanu chalowa m'buku," anatero Kamafunso. Anakweza dzanja m'mwamba kuti aone.

"Paja unkati n'chonyansa," anatero abambo akuseka.

"Ndinkatero kale. Musachichotse."

Anadyera pamodzi onse atatu. Atatha kudya, Kamafunso anatsamira pamiyendo ya amayi. Maso ake analemera. Koma funso limodzi linabwerera.

"Amayi, nanga buluzi uja anamusokera ndani chigamba?"

Amayi anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Koma Kamafunso anali atagona kale. Abambo anayang'ana amayi kuti amve yankho. Nawonso amayi anali atagona.

Abambo anatenga bulangete limodzi. Anawafunditsa onse awiri.