Nsanza Yofiira pa Handulo

Tiyambire kumapeto, anzanga, kuti musamayembekeze zabwino: njinga yamoto ija ili kuseri kwa nyumba itapindika ngati waya, bambo ake a Mzime ali chigonere mwezi wachisanu tsopano, makina awo osokera achita dzimbiri, ndipo amalume ake sapondanso pakhomo paja. Zonsezi chifukwa cha chithunzi cha pa foni.

Komatu linali khomo labwino. Bambo anali telala, mayi ankaphunzitsa ana a mkaka pa sukulu ya tchalitchi. Ana awo akuluakulu onse anali atachoka pakhomo, n'kutsala mtsikana wotsiriza kubadwa, ndiye aliyense ankangomuitana kuti Mzime. M'mawa uliwonse ankapemphera atatu asanamwe tiyi.

Bambo aja msana unkawavuta chifukwa chowerama pa makina zaka makumi atatu. Ankalakalaka chinthu chimodzi chokha: njinga yamoto yakale ya ku Japan, yoti Lamlungu akaweruka kutchalitchi aziyenda nayo pang'onopang'ono, kamphepo kakuwapita kumaso. Tsiku lokasankha anatenga alamu awo, amalume ake a Mzime, omwe ndi makaniko. Mzime anakakamira mpaka anapita nawo.

M'shedi ya wogulitsa munali njinga zitatu. Mzime anathamangira yonyezimira, yosongoka kutsogolo.

"Ababa, iyi. Taonani kukongola kwake."

"Imeneyo ndi ya anyamata othamangira kumanda," anatero amalume. "Alamu, takhalani pa iyi."

Inali yakuda, chishalo chake chachikulu ngati sofa, mahandulo okwera moti munthu sawerama. Amalume anailiza, n'kuika kapu ya madzi pa thanki. Injini inkangong'ung'udza pansipansi, madzi osatayika ngakhale dontho.

"Mwaona? Inapangidwa Mzime asanabadwe, koma sinjenjemera. Msana wanu udzandithokoza."

"Ndiye kuti ndi nkhalamba inzanga," anatero bambo akuseka. "Tigwirizana."

"Vuto ndi mabuleki okha. Anatha. Ndiwachotsa onse, ndiitanitsa atsopano."

Anaibweretsa kunyumba pa galimoto. Amalume anamasula mabuleki a kutsogolo ndi a kumbuyo, kenaka anamanga nsanza yofiira pa handulo. Ndimo ankagwirira ntchito: njinga iliyonse yosatha kukonzedwa inkakhala ndi nsanza yake.

"Ndizibwera ndikapeza mpata, ngakhale inu kulibe. Tsiku mudzapeze nsanzayi yachoka, alamu, ingokwerani. Ikakhalapo, ngakhale kuikankha ayi. Wamva nawe, Mzime?"

"Ndamva, amalume."

Lolemba Mzime anafika kusukulu ali wefuwefu, nkhani ikumuyabwa pakamwa. M'mawa inali njinga ya bambo. Pofika nthawi yopuma inali itasanduka yake, ati bambo amugulira chifukwa chokhoza masamu. Onse anamuzungulira, kupatula mtsikana wina wa foni yaikulu amene amatchedwa Mafashoni.

"Yako? Iwe wovala yunifomu ya zidutswa zotsala kwa makasitomala? Chithunzi chili kuti? Popanda chithunzi ndi bodza."

Nkhani inafika kwa mayi ake a Mzime isanathe sabata.

"Ndamva kuti wagula njinga yamoto. Bwanji osandiuza ine mayi ako, ndikwereko?"

Mzime anangoti zyoli.

"Mawa ukawauze anzako zoona. Udzachita manyazi tsiku limodzi, basi. Ndipo kiyi uja usamukhudze."

Mawa lake sanawauze. Lachinayi anathawa m'kalasi masana pamodzi ndi Mafashoni ndi atsikana ena awiri. Kunyumba kunalibe munthu. Mzime ankadziwa pamene bambo ankabisa kiyi, m'chitini cha mabatani, ndipo anamutenga kuti nyali ya njinga iyake. Anakwera, n'kugwira mahandulo, n'kukweza chibwano.

"Chinsanza icho chikuwononga chithunzi," anatero Mafashoni. "Chotsa."

"Amalume anati isachoke."

"Amalume ako ali pano? Mphindi imodzi yokha, ubwezeretsa. Kapena njingayi si yako?"

Mzime anamasula nsanza ija n'kuiika m'thumba la siketi. Anajambulana, uyu akwere, uyu atsike, kuseka mpaka misozi. Kenaka anamva mluzu pageti. Anali bambo, abwera kudzadya. Atsikana anatulukira khomo la kuseri n'kuliyatsa liwiro la kusukulu. Mzime anakumbukira atakhala kale pa desiki, pamene anapisa m'thumba kufuna cholembera n'kugwira nsanza. Kiyi nayenso anali atamusiya pa njinga.

Bambo aja anapeza nsanza palibe, kiyi ali pamalo. Anaiwala ndi chakudya chomwe. Mayi wa nyumba yoyandikana anawaona akutuluka pageti, akumwetulira ngati mwana.

"Alamu anga ndi munthu," anatero. "Amaliza osandiuza n'komwe."

Msewu wa kwawo umatsetsereka mpaka pa mphambano ya kumsika. Pa mphambano paja panali ana akuwoloka. Anthu amene anaona akuti bambo anafinya buleki ya kumanja, n'kuponda ya kuphazi, n'kupondanso, kenaka anakhotetsa dala kuti asagunde ana, n'kukawomba khoma la mlatho.

Kuchipatala dokotala sanabise: msana wathyoka, miyendo sidzagwiranso ntchito. Amalume anafika manja ali girisi yekhayekha. Mayi anakumana nawo pakhonde.

"Achimwene, mwandiphera mwamuna."

"Mlongo wanga, nsanza ndinamanga ndi manja angawa. Mabuleki sanafike n'komwe."

"Ndiye inadzimasula yokha? Kiyi naye anayenda yekha kuchoka m'chitini?"

Mzime anali chiimire pomwepo, dzanja lili m'thumba. Amalume anamuyang'ana kamodzi. Iye anayang'ana pansi.

Mbiri inawanda kuti makaniko uja amapereka njinga zopanda mabuleki. Amene anali ndi njinga zawo pa galaja yake anabwera kudzazitenga zosakonza. Pasanathe miyezi iwiri galaja inatsekedwa, amalume n'kusamukira kutali kukanyamula matumba m'sitolo ya munthu. Mafashoni anafufuta zithunzi zonse.

"Ine kwanu sindinapondeko," Mafashoni anamuuza Mzime. "Ukanditchula ndikana."

Mayi anasiya ntchito kuti azisamalira bambo. Mzime akaweruka ankathandiza kuwatembenuza ndi kuwadzoza mafuta kumapazi. Mzimeyo chakudya sichinkatsika. Pemphero la m'mawa ankangogwedeza milomo. Nsanza ija anaibisa pansi pa matiresi, kuitaya osatha.

Miyezi inayi inatha chonchi. Tsiku lina masana akuwapukuta mapazi, bambo analankhula akuyang'ana kudenga.

"Alamu ndinawakhululukira, mwanangu. Koma sindimvetsa. Munthu uja sanaiwalepo kanthu pa ntchito chibadwire."

Mzime anadzuka, n'kupita kuchipinda kwake, n'kubwera ndi nsanza. Anaiika pa bulangete, nagwada, n'kunena zonse: bodza la kusukulu, chitini cha mabatani, chithunzi, mluzu wa pageti. Bambo anaiyang'ana nsanza ija nthawi yaitali.

"Kaitane amayi ako," anatero, n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

Mayi sanamumenye. Anakhala pansi, n'kuimba foni kwa achimwene awo. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndamva," anatero, n'kudula.

Mpaka lero sanabwere.

Anzanga, ndikuuzeni mosabisa. Bodza lodzitamira limaoneka laling'ono, koma linamuthawitsa Mzime m'kalasi, linamubetsa kiyi, linamumasulitsa nsanza, kenaka linamutseka pakamwa amalume ake akunamiziridwa. Munthu wamkulu akakuuzani kuti ichi musakhudze, musakhudze, ngakhale anzanu akusekeni. Ndipo mukalakwa, nenani tsiku lomwelo. Mulungu amakhululuka, koma msana wothyoka subwerera, ndipo galaja ija siitsegukanso.

Dzulo Mzime akuwadzoza mafuta bambo, chala chachikulu cha kuphazi lamanzere chinagwedera. Namwino wobwera kudzawaona anati zimachitika, asaike mtima. Mayi sanatembenuke n'komwe. Koma Mzime lero wafika kusukulu akuthamanga, thukuta lili kamukamu, n'kupeza anzake aja atakhala pansi pa mtengo, Mafashoni ali pa foni.

"Chagwedera! Chala cha bambo chagwedera, ndachiona ndi maso anga, kawiri."

Atsikana aja anayang'anizana. Anali atamvapo kale nkhani zabwino za Mzime.

"Ulendo uno sindikunama," anatero, mawu akutsika. "Mubwere mawa tikaweruka. Mudzangoima pakhomo, simudzalowa. Mubwere mudzaone nokha."