Mapazi a Anamwino

Madzulo aliwonse akatseka chipatala, Anamwino ankakhala pakhonde ndi beseni la madzi ofunda n'kumakwecha mapazi ndi kamwala. Ankati mzamba akhoza kugona ndi njala, koma osati ndi mapazi akuda. Akamaliza ankadzola mafuta, n'kulowa m'nyumba akukoka mwendo wamanzere umene unathyoka kalekale pa ngozi ya njinga.

Kachipatalako kanali ka zipinda zitatu, ndipo antchito ake anali awiri basi: Anamwino ndi mayi wokolopa. Anyamata ambiri a m'mudzimo amene tsopano ankameta ndevu anagwera m'manja mwa Anamwino. Koma mdzukulu wawowawo anali asanamunyamule. Mwana wawo mmodzi yekhayo, amene ankangomutchula kuti Dona, anapita padera kanayi. Madokotala a ku chipatala chachikulu anati khomo la chiberekero chake linali losalimba, ndipo ulendo uno analisoka. Mimba inali itakwana miyezi isanu ndi umodzi pamene mwamuna wake anamubweretsa kuti adikirire pafupi ndi mayi ake.

Chaka chimenecho Anamwino anayamba kudzuka ali otopa. Sikunali kutopa kwa ukalamba kumene tonse timakudziwa. Ankagona nkhuku zikungolowa, tulo tofa nato, koma m'mawa msana unkawawa ngati asenza matumba, ndipo kumapazi kumene anakwecha dzulo kunkapezeka fumbi. Anadziyeza magazi, anadziyeza shuga, osapeza kanthu. Anangoti mwina pansi pa m'nyumba sipakusesedwa bwino.

Woyamba kubwera anali mkazi wa telala, wa mimba ya miyezi isanu ndi iwiri. Analowa m'chipinda choyezera Lachiwiri m'mawa atagwira diresi lake kutsogolo, ndipo linali lendelende.

"Anamwino, mimba yanga palibe."

"Mwataya magazi?"

"Ngakhale dontho. Ndagona nayo, ndadzuka ilibe."

Anamwino anamugoneka pabedi, anasisita, anadina. Pamimba panali pofewa ngati pa mtsikana. Mwachizolowezi anatenga kalipenga kachitsulo kamene ankamverera mtima wa mwana, n'kuika khutu. Mtima sunamveke. Chimene chinamveka chinali munthu akuyenda, kutali, ngati kumapeto kwa likole lalitali. Phaa, khwee. Phaa, khwee. Kenaka zii.

Analemba kalata yomutumiza ku chipatala chachikulu. Kumeneko anamuunika n'kunena kuti chiberekero chilibe kanthu, mwina sanali woyembekezera n'komwe. Koma khadi lake la sikelo linali ndi miyezi isanu yolembedwa ndi dzanja la Anamwino, ndipo mtima wa mwanayo anaumva okha.

Patatha milungu iwiri anabwera mlamu wa wogaya chigayo. Kenaka mtsikana wa mimba yoyamba, amene anangokhala pabenchi osalira, manja ali pamimba. Onse ankanena chimodzi: podzuka m'chipinda munkanunkha mankhwala okolopera chipatala. Ndipo mwa onse kalipenga kankamveketsa mapazi omwe aja.

Kumjigo nkhani inali yomweyo. Amayi apakati anayamba kuvala malaya a amuna awo kuti mimba zisaoneke. Ena analeka sikelo, ndipo mmodzi anachirira kunyumba, magazi osaleka, n'kutsirizikira pa ngolo. Anamwino anamva chisoni chosaneneka, koma mphamvu zolirira analibe. Ankangoyenda khomo ndi khomo kuchonderera amayi kuti abwerere, akuyasamula ngati mlonda.

Tsiku lina atagoneka wachinayi pabedi, anaitana mayi wokolopa.

"Taikani khutu apa. Mwina makutu anga ndiwo akalamba."

Mayiyo anatsamiritsa chokolopera kukhoma n'kuwerama. Anamvetsera nthawi yaitali. Ataweramuka sanawayang'ane kumaso.

"Mwamva chiyani?"

"Palibe, Anamwino. Ine za kalipenga ndizidziwira kuti?"

Mudzi ukagwidwa ndi mantha suchedwa kupeza womuloza chala. Ndani ankanunkha mankhwala okolopera kuyambira m'mawa mpaka madzulo? Ndani ankataya zotsalira za uchembere kudzenje la kuseri? Ndani analibe mwana? Amuna anabwera masana dzuwa likuswa mtengo, anaphwanya mawindo a mayi wokolopa n'kumupatsa tsiku limodzi loti achoke m'mudzimo. Anamwino anayesa kumuikira kumbuyo, koma mawu awo anamira m'phokoso.

Mayiyo anadzera kuchipatala kudzasiya makiyi, katundu ali pamutu.

"Bwenzi nditanena dzana lija," anatero motsitsa mawu, "koma mwandisunga zaka khumi ndi zisanu."

"Mukananena chiyani?"

"Munthu samva mayendedwe ake, Anamwino. Ine ndimakudziwani musanafike pageti. Phazi limodzi phaa, linalo khwee."

Anamwino anayang'ana mwendo wawo wamanzere.

"Ine? Ine amene ndagwira ana onsewa?"

"Sindikuti mumadziwa. Alipo amene akukugwiritsani ntchito mukagona. Akafuna kuthyola chipatso osachiphwanya, amafuna dzanja lozolowera. Kutopa kwanuko simukuona?"

Mayiyo anapita osatembenuka.

Anamwino anakhala pabenchi la odwala mpaka dzuwa litapendeka. Ankafuna kukwiya, koma fumbi la kumapazi lija linkawabwerera m'maganizo. Atadzuka anatenga kalipenga n'kupita kunyumba. Anapeza Dona atakhala pampando, akusewera ndi kachipewa kachikasu kamene mayi ake analukira mwanayo.

"Tagona apa ndimve."

"Amayi, si mwandiyeza dzana lomweli?"

"Gona, mwanawe."

Mtima wa mwana unkagunda bwino, mofulumira, moti tsiku lina lililonse akanaseka. Anapitiriza kumvetsera. Kuseri kwa kugundako, chapansipansi, kunali mapazi. Mwa amayi ena aja mapaziwo ankamveka akupita. Muno ankabwera.

Anachotsa manja awo pamimbapo ngati agwira mbaula.

"Longedza. Muyimbire mwamuna wako abwere ndi galimoto lero lomwe."

"Mwana ali bwino?"

"Ali bwino. Ndiye chifukwa chake uchoke."

Mkamwini anafika kusanade, ali wefuwefu. Anamwino anamuimitsa pabwalo.

"Bambo, mupite naye kumene kuli chipatala chabwino, madokotala adzamasule ulusi uja nthawi ikakwana. Koma kumene mukupitako musandiuze."

"Amayi, tisakuuzeni inu? Nanga tikauze ndani?"

"Wina aliyense, kupatula ine. Musinthe manambala. Ndikadzakufunsani, ngakhale ndikulira, mudzandinamize. Mudzandiyimbire kamodzi kokha, zonse zikatha."

Dona analira, anafunsa chimene analakwa. Anatambasula manja kuti awakumbatire, koma mayi ake anabwerera m'mbuyo, manja atawabisa kumsana. Zinawapweteka kuposa tsiku limene anaika mwamuna wawo m'manda. Galimoto inanyamuka, kachipewa kachikasu kali m'dzanja la Dona, ndipo Anamwino anatembenukira kukhoma kuti asaone njira imene yalowera.

Kuyambira tsikulo palibe mimba imene inasowanso m'mudzimo. Anthu anati mwaona, mfiti ija tinaithamangitsa, ndipo amayi anabwerera kusikelo. Madzulo Anamwino ankakwecha mapazi monga kale, kenaka ankakhoma chitseko ndi loko, kuponya kiyi pawindo kuti mnansi adzawatsegulire m'mawa, n'kumanga mwendo wawo ku bedi ndi bandeji. M'mawa loko ankapezeka wokhoma, mfundo ili chimangire, koma mapazi ali akuda.

Chimene chinkawaopsa chinali mtundu wa dothilo. Mlungu woyamba linali fumbi la m'mudzi momwemo. Kenaka matope akuda a kudambo. Mwezi wotsatira unali mchenga, ndipo dera lonselo kulibe mchenga. Pambuyo pake linabwera dothi lofiira limene sanalionepo chibadwire, zidendene zitang'ambika, zikhadabo zitathyoka. Anayesa kusagona, kumwa tiyi wowawa, kukhala chilili, koma thupi la munthu wotopa silimva malamulo. Ankawerenga milungu pa kalendala ya kuchipatala n'kumapemphera pemphero limene mayi aliyense angachite nalo manyazi: kuti asamupeze mwana wake.

Mlungu umene Dona ankayenera kuchira, Anamwino anadzuka dzuwa litakwera kale. Miyendo inali yotupa mpaka m'mawondo. Anayang'ana kumapazi. Kunalibe fumbi, kunalibe dothi. Kunali koyera, konunkha mankhwala okolopera, ngati ayenda pa simenti yongokolopa kumene.

Dzanja lawo lamanja linali lofumbata, zala zitauma. Analifumbatula ndi dzanja linalo, chala chimodzichimodzi. M'katimo munali kaulusi kachikasu, kotalika ngati chala.

Sanadziwe ngati anangofika n'kukhudza kachipewako, kapena anamaliza ntchito imene anatumidwa.

Patebulo foni inayamba kulira, nambala yachilendo. Anamwino anangoiyang'ana, mwendo ukadali womangidwa ku bedi. Inalira, inaleka, n'kuyambanso.